Safunsa anadya phula, koma akanafunsa ndani?

Sabata ino mpata wolemba wagwera ine, ndipo ndipepeseretu kuti sindinabwere ndi za ndakatulo kapena za kalembedwe ka nthano. Ndabwera ndi mkwiyo. Mkwiyo wake ndi wa kanthu kakang'ono kosaposa mtedza wosasenda, kamene ambiri a inu simunakagwirepo, koma kanatsala pang'ono kuwononga khutu la mwana wa mlongo wanga. Amene muli ndi bandulo yokwanira, khalani pansi tikambirane.

Mwanayu ndi mtsikana wa zaka 7. Ali ndi zaka 4 anadwala malungo aakulu, anagona m'chipatala masabata awiri, ndipo atatuluka tinathokoza Mulungu kuti wapulumuka. Panapita mwezi wathunthu tisanazindikire kuti ukamuitana uli kumbuyo kwake satembenuka. Tinkati ndi mwano. Anadyapo mbama ziwiri zitatu chifukwa cha mwano umenewo, ndipo imodzi mwa mbamazo inali yanga, ine malume ake. Mpaka lero dzanja limeneli ndimaliyang'ana ndi manyazi.

Mu Epulo chaka chatha pa boma pathu panabwera alendo a bungwe lina, a tsiku limodzi. Anayeza ana makutu, nagawa tizipangizo tothandizira kumva, tija tokhala kuseri kwa khutu. Panali nyimbo, panali zolankhulalankhula, zithunzi zinajambulidwa zosawerengeka. Atamuveka kake, mwana wathu anamva galimoto ikuliza hutala kumsewu, natembenuka. Mlongo wanga analira, nanenso ndinanamizira fumbi. Tsiku limenelo sindikulinyoza ayi, linali tsiku labwino. Madzulo alendo analongedza mabokosi awo, anakwera galimoto, napita.

Patapita miyezi 8 kachipangizo kanayamba kuimba mluzu. Poyamba kankalira mwana akamatafuna kapena akamaseka. Kenako kanayamba kulira nthawi ina iliyonse, mluzu wosongoka woboola m'mutu. Chowawa n'chakuti mwiniwakeyo sankaumva kwenikweni, ankaumva ndi anthu omuzungulira. Kusukulu anzake anamupatsa dzina loti Wailesi. Kutchalitchi mayi wina anatembenuka n'kuuza mlongo wanga kuti, "Amayi, tazimitsani chinthu chanucho, tikupemphera." Akatsitsa mphamvu ya mawu mluzu unkaleka, koma nako kumva kunkalekera pomwepo. Akakweza, mluzu. Mapeto ake kachipangizo kanalowa m'chitini cha mkaka pamwamba pa kabati, pamodzi ndi makadi a sikelo.

Kwa amene simunakaonepo pafupi, kachipangizoka kali ndi mbali ziwiri. Mbali yodula ndi ija yokhala kuseri kwa khutu: muli maikolofoni yotola mawu, tizida towakuza, kasipika ndi batire. Kuchoka pamenepo mawu amadutsa m'kapaipi kopyapyala n'kukalowa m'kanthu kopangidwa ndi pulasitiki yolimba kapena silikoni wofewa, kamene kamadzaza khutu ndi kutseka njira yake. Achipatala amakatchula kuti ear mould. Kwathu timangoti kachikombole, ngakhale kunena zoona chikombole ndi khutulo, ikako ndi njerwa yake. Ntchito yake ndi kugwira kapaipi kuti kasagwe, komanso kutseka kuti mawu okuzidwawo asathawire kunja. Akathawa amabwerera ku maikolofoni, n'kukuzidwanso, n'kuthawanso, n'kukuzidwanso. Mwaonapo pamaliro kapena pamsonkhano wa ndale, wolankhula akayandikitsa maikolofoni ku chimkuzamawu, anthu onse n'kugwira m'makutu? Ndi zomwezo, kungoti izi zinkachitikira pakhutu la mwana wa Sitandade 2.

Nanga chinawonongeka n'chiyani? Palibe. Mwana anakula basi. Khutu limakula monga limakulira phazi, ndipo kachikombole kamene kanali kothina bwino mu Epulo kamakhala kokhwepa pofika Disembala. Kwa khanda kamafunika kusintha pakangopita masabata kapena miyezi yochepa. Kwa mwana wa msinkhu wa sukulu, kamodzi kapena kawiri pachaka. Kapaipi nako kamauma, kamasanduka kachikasu, kamang'aluka. Zimenezi amazidziwa aliyense wogwira ntchito ya makutu padziko lonse, ndipo alendo aja ankazidziwa pamene ankajambula zithunzi. Mlongo wanga akuti sanauzidwe. Mwina anauzidwa m'Chingelezi chothamanga, pakati pa phokoso la ng'oma, kaya. Koma ngakhale akanamva bwinobwino, pa boma ponse panalibe pokatenga katsopano.

Apa ndi pamene inalowa foni. Mnyamata wina wotchaja mafoni pamsika, wamtima wabwino ndithu, anamuonetsa kanema wa pa YouTube. Mzungu wachikulire wakhala patebulo, akukanda tiphula tiwiri tosiyana mtundu, n'kukankhira m'khutu mwake, kudikira mphindi zochepa, n'kutulutsa kanthu kofanana ndendende ndi kachikombole. Uthenga wake: osataya ndalama, dzipangire wekha. Phula la mzunguyo pamsika pathu palibe. Koma lilipo lina lofanana nalo m'maonekedwe, lija la mitundu iwiri lomatira mapaipi ndi ndowa zobooka, limene ukalikanda limafunda kenako n'kuuma gwa ngati mwala. Mlongo wanga anagula limenelo. Anasamba m'manja ndi sopo, anamugoneka mwana pamiyendo pake pakhonde, powala kuti aziona bwino, nayamba ntchito mosamala ngati namwino. Mwana atayamba kulira kuti m'khutu mukutentha, anathamangira kuchotsa. Chachikulu chinatuluka. Kachidutswa kanaduka n'kutsalira mkati.

Anandiimbira cha m'ma 4 koloko madzulo. "Achimwene, bwerani msanga, ndalakwitsa." Tinakwera kabaza, kenako minibasi, usiku tinagona pabenchi. M'mawa mwake wachipatala wina anakachotsa ndi kachitsulo kopinda, atavala tochi pachipumi, mwana atamugwira anthu atatu. Magazi anatuluka pang'ono, koma mkatikati simunakhudzidwe. Mwayi wokhawokha. Atamaliza anayang'ana mlongo wanga n'kumuuza pamaso pa anthu onse kuti, "Amayi, mutu wanu umagwira? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Inu lero mwadyetsa phula khutu la mwana." Anthu pabenchi anaseka. Mlongo wanga sanayankhe, anangokokera chitenje kumaso.

Ndiyambe ndi kuvomereza. Pankhani ya khutu wachipatala uja ananena zoona, ndipo aliyense m'gulu muno amene waonapo kanema wotereyu n'kumaganiza zoyesera kwa mwana kapena kwa agogo, chonde musayerekeze. Njira ya khutu si bowo lowongoka ngati la msomali. Kwa munthu wamkulu ndi yotalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka, kwa mwana ndi yofupikirapo, ndipo imakhota kawiri, imapanikizika pena n'kukulanso. Chinthu chimene chalowa chili chofewa n'kukaumira kuseri kwa malo opanikizikawo chimakana kutuluka, ngati dzanja lofumbata mtedza m'botolo. Kumapeto kwa njirayo kuli mwinikhutu, kachikopa kopyapyala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Kuseri kwake kuli timafupa titatu, tating'ono kuposa mafupa ena onse m'thupi. Tsono kumbukirani kuchuluka kwa ana athu amene amatuluka mafinya m'khutu miyezi ndi miyezi. Mafinya otero nthawi zambiri amatanthauza kuti mwinikhutu ndi wobooka, ndipo bowolo simungalione ndi maso okha. Phula likadutsa pamenepo n'kukaumira pa timafupa tija, nkhani yake ndi ya opaleshoni, ndipo kumva kochepa kumene mwanayo anatsala nako kungathere pomwepo.

Amene anaphunzira ntchitoyi sayamba ndi kukanda phula. Amayamba ndi kuyang'ana, ndi katochi kokhala ndi galasi lokuza zinthu, kuona ngati m'khutu mwadzaza litsiro, muli mafinya, chilonda kapena bowo. Akapeza mafinya kapena chilonda ntchito imaima kaye mpaka khutu lichire. Akapeza bowo amachenjera kawiri. Kenako amalowetsa kampira ka thonje kapena ka siponji komangidwa ulusi, n'kukakhazika mkati, kutsogolo kwa mwinikhutu, n'kuunikanso kuona kuti m'mbali simunatsale mpata. Kameneka ndiye chitseko, ndipo m'kanema uja munalibe. Atatero ndi pamene amasakaniza silikoni wopangidwira khungu la munthu, amene satentha, samata, ndipo akauma amakhalabe wofewa ngati labala. Amamuthira ndi sirinji yopanda singano, amadikira mphindi zingapo, n'kumutulutsa pang'onopang'ono pamodzi ndi thonje lija, n'kuunikanso kachitatu. Ndipo chotulukacho si kachikombole ayi, ndi chithunzi chabe cha khutu. Chimapita pabenchi ya mmisiri, amene amachidula, amachiumbira mu ufa wa chikhakha, n'kuthira pulasitiki kapena silikoni m'malo amene chasiya, kuumitsa, kupala, kusalalitsa, kuboola njira ya mawu, pena ndi kabowo kena kopumira, n'kumangirira kapaipi. M'maiko olemera masiku ano chithunzicho amachilowetsa m'kompyuta n'kusindikiza kachikombole pa makina a 3D, koma njira ya manja ija ikugwirabe ntchito.

Kukula kwa kabowo kopumirako, kutalika kwa mbali yolowa mkati, ngakhale kukula kwa kapaipi, zonsezi zimasintha mawu ofika kwa mwinikhutu. Kachipangizo amakatchera molingana ndi khutu ndi kachikombole kake. M'khutu laling'ono mawu omwewo amafika mwamphamvu kuposa m'khutu lalikulu, monga wailesi imasokosera kwambiri m'kachipinda kusiyana ndi pabwalo. Choncho ngakhale phula la pakhonde litatuluka bwino osasiya kanthu, simunadziwebe kuti mwanayo akumva chiyani.

Sindikunena kuti mzungu wa m'kanema uja ndi wabodza. Kwa iye mwina zinathekadi. Ndi munthu wamkulu, zikayamba kupweteka amadzimva yekha n'kusiya. Phula lake ndi lopangidwira khutu, ndipo amangolidzaza pakhomo osalifikitsa mkati. Makutu ake mwina dokotala anawaunika kale, ndipo zikavuta chipatala chili pafupi. Zonsezi kanema sanena, chifukwa kwa mwiniwakeyo n'zodziwikiratu. Ngakhale ku America komweko, pamene boma linalola mu 2022 kuti tizipangizo tina tothandizira kumva tizigulitsidwa m'sitolo popanda kuonana ndi dokotala, linaika malire: akuluakulu okha a zaka 18 kupita m'tsogolo, a vuto lochepa kapena lapakatikati. Ana ayi. Mwana wa vuto lalikulu amafuna mawu amphamvu, mawu amphamvu amafuna kachikombole kothina ndi kolowa mkati ndithu, ndipo mkati momwemo ndi mmene muli ngozi.

Ndikudziwa ena mukuti, aaa, nanga si luso lathu lomwelo, Amalawi timakonza chilichonse. N'zoona, nanenso ndimanyadira. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola kudzala, ali mnyamata wa zaka 14, atangoona zithunzi m'buku la mulaibulale. Koma iye akalakwitsa waya babu silinkayaka, n'kudzayesanso mawa. Chitsulo chikapindika ankatola china. Mwinikhutu wa mwana mukamuboola, wina mukamutola kudzala liti? Nyimbo iyi yotama kuvutika kwathu n'kumakutcha luso imakoma kwambiri m'makutu mwa anthu amene safuna kuti tiwafunse kanthu.

Tsopano ndibwerere kwa wachipatala uja ndi mwambi wake. Safunsa anadya phula, inde. Koma mlongo wanga akanafunsa ndani? Anafunsa pachipatala chaching'ono cha kwathu, anamuuza kuti za makina a m'makutu sazidziwa. Anafunsa aphunzitsi, anati adikire, mwina alendo adzabweranso. Nambala ya foni yolembedwa pakabokosi sinkagwira. Mayi amene anthu anamuseka pabenchi paja ndi yekhayo mwa ife tonse amene anakana kuti kachipangizo kafere m'chitini. Ine, mwinimbumba, wopita kusukulu, wolemba nkhani zazitalizitali pa Facebook, ndinaudziwa mluzu uja kwa miyezi iwiri n'kumangoti tiona mwezi ukatha. Sindinaike phula m'khutu la munthu, n'zoona. Sindinachitenso chilichonse. Pabenchi paja palibe amene anandiseka ine.

Mkwiyo wanga weniweni uli pa mchitidwe wogawa tizipangizo ngati maswiti n'kuthawa. Walira mvula walira matope. Amene wapatsa mwana kachipangizo walonjeza, afune asafune, zaka ndi zaka za tizikombole, timapaipi ndi mabatire. Mabatire akenso si a tochi. Ndi tija tating'ono ngati mabatani a malaya, timene ukangomatula kapepala kake mpweya umalowa n'kuyamba kugwira ntchito, ndipo pakatha sabata imodzi kapena masabata awiri tatha. M'golosale ya kumudzi simungatipeze. Koma malipoti amawerenga chiyani? Tizipangizo togawidwa. Chithunzi cha mwana akumwetulira tsiku loyamba chimabweretsa ndalama, pamene kachikombole kachitatu ka mwana yemweyo, chaka chachiwiri, palibe amene amakajambula. Ndikanakonda akuluakulu a zaumoyo pa boma azifunsa bungwe lililonse funso limodzi lisanatsitse mabokosi: khutu la mwana uyu likadzakula adzapita kuti, ndipo adzalipira ndani? Likasowa yankho, ndalama za ulendowo lizisiye kwa amene amagwira ntchitoyi chaka chonse, ilo libwerere ndi makamera ake. Ena muti ndikunyoza opatsa. Nditchuleni wosayamika, palibe kanthu. Chitini cha mkaka chija ndachiona ndi maso anga, ndipo sindikhulupirira kuti n'chokhacho m'dziko muno.

Oigwira chaka chonse alipo, tisawaiwale. Ku Lilongwe, pa African Bible College, kuli chipatala cha makutu chimene chinatsegulidwa mu 2013, ndipo chimaphunzitsanso Amalawi ntchitoyi. Ku Blantyre, pa Queen Elizabeth Central Hospital, kuli kiliniki yoyeza kumva imene inakhazikitsidwa mothandizana ndi bungwe la ku Britain la Sound Seekers. Dr. Wakisa Mulwafu, amene kwa zaka zingapo anali dokotala yekhayo wa opaleshoni ya makutu, mphuno ndi kukhosi m'dziko lonse lino, anathandiza kuphunzitsa azachipatala ena kuti chithandizo cha makutu chifike m'maboma. Anthu amenewa ndimawavulira chipewa. Koma tengani mapu. Kwa mwana wa ku Nthalire, wa ku Makhanga, kapena wa pachilumba cha Chizumulu, kachikombole kamodzi ndi maulendo awiri: wokatengetsa chithunzi cha khutu, ndi wokatenga kachikomboleko kakatha kupangidwa. Kamodzi kapena kawiri pachaka, mpaka atakula. Pitani pa depoti mukafunse mtengo wa basi lero, muchulukitse ndi anthu awiri, muonjeze chakudya ndi pogona, muonenso masiku amene mwana sali m'kalasi ndipo mayi sali kumunda.

Bungwe la WHO, mu lipoti lake la zakumva la 2021, linati anthu pafupifupi 430 miliyoni padziko lapansi ali ndi vuto la kumva lofunika chithandizo, ndipo ambiri mwa anthu ovutika kumva amakhala m'maiko osauka ndi apakatikati. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo mu 2012 linakhazikitsa lamulo lake pankhaniyi. Pa 3 Marichi chaka chilichonse pamakhala tsiku lokumbukira zakumva padziko lonse. Mapepala ndi masiku tili nazo zokwanira.

Chimene ndikumenyera n'chakuti kachikombole kazipangidwa pafupi, ndi manja a Amalawi, koma manja ophunzitsidwa. Ntchitoyi ili pawiri. Kutenga chithunzi cha khutu n'kwa wachipatala wokhala ndi katochi kaja, amene waphunzira kuika thonje pamalo pake, ndipo munthu wotere ayenera kupezeka pachipatala cha boma lililonse. Kuumba kachikombole ndi umisiri wa pabenchi, wofanana kwambiri ndi wa opanga mano oikirira: ufa wa chikhakha, pulasitiki, kamakina kopalira, maso akuthwa ndi kuleza mtima. Chithunzi cha silikoni sichiola, sichifuna firiji. Njinga zamoto za Riders for Health zimazungulira kale m'zipatala zing'onozing'ono kutenga magazi ndi makhololo okayezetsa n'kubweretsa zotsatira. N'chiyani chingaletse kabokosi ka zithunzi za makutu kukwera nawo, n'kubwerera patapita masabata angapo kali ndi tizikombole? Aziyenda makutu a silikoniwo, mwana akhale m'kalasi.

Oumba ake tiwatenga kuti? Tili ndi sukulu za ana osamva ku Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ku Karonga. Chaka ndi chaka kumatuluka achinyamata anzeru, ndipo ambiri timangowaganizira ukalipentala ndi utelala. Ku Botswana anthu osamva anagwirapo ntchito yopanga tizipangizo tothandizira kumva ta mabatire otchajidwa ndi dzuwa. Ndani angasalalitse m'mphepete mwa kachikombole mosamala kuposa munthu amene kanamutupitsapo khutu ali mwana?

Wina anena kuti dziko la kolera ndi malungo lilibe nthawi ya tizikombole. Mbale wanga, malungo omwewo ndi amene anatseka makutu a mwana wathu. Matenda oumitsa khosi, chikuku, matsagwidi, ngakhale mankhwala ena opulumutsa moyo monga kwinini ndi gentamicin, zonsezi zimatha kuwononga kumva. Mwana tinamupulumutsa, koma nkhani yake sinathere pachipata cha chipatala. Winanso anena kuti, bwanji osangomuphunzitsa chinenero chamanja? Tikumuphunzitsa, ndipo nanenso ndikuphunzira movutikira, zala zanga n'zouma ngati chinangwa. Chinenero chamanja ndi chinenero chathunthu, a bungwe la MANAD akhala akumenyera kuti chilemekezedwe, ndipo alipo anthu osamva ambiri amene kachipangizo sakafuna n'komwe. Ndi ufulu wawo. Koma mwana uyu anamvapo mawu kwa zaka 4, amalankhula, ndipo mwezi uliwonse umene kachipangizo kanali m'chitini malankhulidwe ake ankanka nafufutika. Tinkamva tokha mawu ena akumeza. Manja ndi pakamwa, zonse ziwiri n'zake.

Nafe olembafe ndisatisiye. M'nkhani zathu ndi m'zisudzo munthu wosamva amabwera kudzaseketsa: umufunse za mbuzi ayankhe za mbatata, holo yonse n'kufa nalo phwete. Ndalembapo zotere inenso, ndipo munandiyamikira. Koma dzina la kanthu kamene ana awa amavala tsiku ndi tsiku tilibe, mpaka ndachita kubwereka chikombole cha njerwa. Amene muli ndi dzina labwino kuposa limeneli, makamaka inu aphunzitsi a m'sukulu za ana osamva, tiuzeni tiyambe kuligwiritsa ntchito.

Zochita kunyumba zilipo, ndipo n'zimene alendo aja akanaphunzitsa m'Chichewa, pansi pa mtengo, asanakwere galimoto. Kachikombole mungakachotse ku kachipangizo n'kukatsuka m'madzi ofunda a sopo, kachipangizoko kasakhudze madzi, n'kukasiya kaume usiku wonse, kutali ndi moto. Muziyang'ana m'kapaipi ngati muli madontho a madzi, litsiro kapena mng'alu. Usiku tsegulani kachitseko ka batire. Mluzu ukayamba, onani kaye ngati kachikombole kalowa bwino. Nthawi zina vuto ndi litsiro lodzaza m'khutu, ndipo limenelo akachotse ndi achipatala, osati ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku. Mukaona kufiira, chilonda kapena mafinya, kavuleni mupite kuchipatala. Guluu, phula lomatira, kandulo, silikoni wa mawindo uja wonunkha ngati viniga, zisayandikire khutu. Timabatire tija muzitibisa, chifukwa mwana wamng'ono akameza ndi ngozi yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo.

Ife tinagulitsa mbuzi, tinapita kutauni kawiri, ndipo mu Epulo chaka chino mwana analandira kachikombole katsopano. Mluzu unatha. Dzina la Wailesi silinathe, koma tsopano akalimva amatembenuka n'kubwezera chipongwe, zimene kwa ine ndi chitukuko. Mayi amene anatithandiza kumeneko, Mmalawi mnzathu, anagwira khutu la mwanayo mwaulemu, sanafunse za chipsera cha mkati mwaukali, ndipo pomaliza anatiuza kuti tibwerenso miyezi 6 ikatha kapena mluzu ukangoyamba. Tinavomera ngati anthu okhala ndi khola lodzaza mbuzi.

Sabata yatha ndinapita kwa mlongo wanga kukaona mbumba. Ndikufunafuna machesi pamwamba pa kabati, ndinapeza chitini cha mkaka chija. Mkati munali makadi a sikelo ndi theka la phula lomatira lija, litakulungidwa bwinobwino m'pepala la pulasitiki. Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, ili mukulisungiranji?" Anati ndi la ndowa. Ndinaliika m'thumba mwanga. Sanandiletse. Anangoyang'ana mwana amene ankasewera fulaye pabwalo, nati, "Achimwene, nsapato za Khirisimasi zija zayamba kale kumuthina."